Lipoti: Moses Itauma, maraundi 26 ndi nambala 1 wa WBO

Lipotili likuima pa 16 Ogasiti 2025, tsiku limene Moses Itauma anathana ndi Dillian Whyte ku Riyadh raundi yoyamba isanathe. Mafunso ndi awiri, ndipo anthu amakonda kuwasakaniza. Kodi mnyamatayu anali atakhetsera thukuta malo amene bungwe loyendetsa nkhonya la WBO linamuika, pamwamba pa onse ofuna lamba wa heavyweight, gulu la ankhonya olemera kwambiri? Nanga anali atapsa moti n'kupatsidwa nkhonya ya lamba wa dziko lonse? Ndikulemba monga mphunzitsi wa nkhonya amenenso amasankhira anyamata ake omenyana nawo. Umboni wanga ndi nkhonya zake 13 zolipidwa, makanema ake, ndi mbiri ya anthu amene anaima kutsogolo kwake.

Mnyamatayu

Itauma anabadwa pa 28 Disembala 2004 ku Kežmarok m'dziko la Slovakia. Bambo ake ndi a ku Nigeria, mayi ake ndi a ku Slovakia, ndipo anakulira ku Chatham ku England. Ndi wamanzere. Mu nkhonya zosalipidwa anamenya ka 24 osagonjapo, n'kutenga golide wa achinyamata pa dziko lonse mu 2022. Komatu zonsezi zinali za achinyamata. Sanamenyepo nkhonya zosalipidwa za akuluakulu, sanapite ku Olympics. Anasaina ndi pulomota Frank Warren wa Queensberry, ndipo nkhonya yake yoyamba yolipidwa, pa 28 Januwale 2023 ku Wembley Arena, inatha m'masekondi 23. Panthawi imene tikukambayi amamuphunzitsa ndi Ben Davison, amene kale anali pakona ya Tyson Fury.

Kuyambira pachiyambi malonda ake anali amodzi: adzaphwanya mbiri ya Mike Tyson, amene anatenga lamba wa dziko lonse wa bungwe la WBC kwa Trevor Berbick mu Novembala 1986 ali ndi zaka 20 ndi miyezi 4. Tsiku lomaliza loti Itauma aphwanye mbiriyo linadutsa mu Meyi 2025 lamba asanamuone. Koma liwiro limene anamuyendetsa nalo pothamangira tsikulo linatsala.

Nkhonya 13

Zisanu ndi zitatu zoyambirira sitichedwapo. Anali anthu olembedwa ganyu kuti mnyamata aphunzirepo, ndipo palibe cholakwika pamenepo, aliyense amayamba choncho. Ziwiri zokha ndizo zili ndi ntchito kwa ife: mu 2023 Kostiantyn Dovbyshchenko ndi Kevin Nicolas Espindola anamaliza naye maraundi 6 aliyense, Itauma n'kupambana pa mapointi. Mpaka tsiku la Whyte, amenewa ndiwo anali maulendo ake ataliatali. Kuchokera pamenepo palibe anamva naye belu la raundi yachitatu.

Pa 18 Meyi 2024, usiku umene Oleksandr Usyk anagonjetsa Fury koyamba ku Riyadh, Itauma anathibula Ilja Mezencev m'raundi yachiwiri n'kutenga lamba wa WBO Inter-Continental. Mezencev sanali munthu woti n'kuyezera katswiri. Lambayo ndiye anali nkhani, ndipo tibwererako.

Mariusz Wach wa ku Poland, mu Julayi 2024 ku London, anatha m'raundi yachiwiri. Wach ankadziwika ndi chibwano cholimba: anamaliza maraundi 12 ndi Wladimir Klitschko mu 2012, ndi 10 ndi Whyte mu 2019. Koma tsiku limeneli anali ndi zaka 44.

Demsey McKean wa ku Australia, pa 21 Disembala 2024 ku Riyadh. Kwa ine iyi ndiyo nkhonya yolemera kuposa zonse pa mbiri ya Itauma, kuposa ya Whyte imene anthu amaitchula kwambiri. McKean anali asanakalambe, anali atagonja kamodzi kokha, kwa Filip Hrgović, ndipo anagonjera m'raundi ya 12. Nayenso ndi wamanzere, ndiye panalibe zoti wasokonezeka ndi kaimidwe. Itauma anamugwetsa kawiri, kachiwiriko ndi lamanzere lodutsa pamwamba limene linamupinda munthu mawondo. Chochotsera n'chakuti McKean anali atakhala miyezi 16 osamenya.

Mike Balogun wa ku America, mu Meyi 2025 ku Glasgow, anagwa katatu, nkhonya n'kuimitsidwa m'raundi yachiwiri. Anali ndi zaka 41, ndipo nkhonya anaziyamba mochedwa atasiya mpira wa ku America.

Kenako Whyte. Onerani kanemayo pang'onopang'ono, musathamangire pogwerapo. Itauma sakuyamba ndi mabomba. Akugogoda ndi jabu, chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo, limene kwa iye ndi lamanja, akusuntha phazi theka la sitepe, akunamiza ndi phewa, akutsitsa chibakera m'mimba kuti zigongono za Whyte zitsike. Whyte akuponya, akupeza mphepo. Atamutsekera pakona ndi pamene zibakera zikugwa motsatizana, ndipo chokoka cha dzanja lamanja chikumugwetsa chafufumimba. Anadzuka, miyendo ikukana, refa n'kuimitsa. Mphindi ziwiri zinali zisanakwane. Palibe anachitapo zimenezi kwa Whyte. Anthony Joshua anafunika maraundi 7 mu 2015, Alexander Povetkin 5 mu 2020, Fury 6 mu 2022.

Koma Whyte ameneyu anali wa zaka 37, wogwetsedwa kale koopsa katatu. Chichokereni kwa Fury anapambana movutikira kwa Jermaine Franklin, ndipo mu Disembala 2024 ku Gibraltar analandira zibakera zambiri kwa Ebenezer Tetteh wa ku Ghana, munthu amene Whyte wa 2018 akanamumaliza msanga. Amene amasankha nkhonya anaona kanema wa Tetteh uja n'kudziwa kuti dzina lidakali lalikulu koma miyendo inapita. Ndi ntchito yabwino ya wosankha, ndipo inenso ndikanasankha chimodzimodzi. Koma tisanamizane kuti Itauma anagonjetsa Whyte amene anamenya Joseph Parker mu 2018.

Tikaphatikiza zonse, nkhonya 13, kupambana 13, 11 mwa izo pogwetsa kapena kuimitsa, maraundi 26. Usyk pa Joshua ndi Fury okha, kawiri aliyense, anamenya maraundi 48.

Mmene nambala 1 imabwerera

Owonera ambiri amaganiza kuti mndandanda wa bungwe ndi chigamulo cha amene ali bwino kuposa anzake. Si choncho. Mabungwe akuluakulu ndi anayi: WBC ku Mexico City, WBA ku Panama, IBF ku New Jersey ndi WBO ku San Juan, Puerto Rico. Lililonse lili ndi mndandanda wake, ndipo mwini lamba akafuna kusankha yekha womenyana naye amasankha mwa 15 apamwamba. Mabungwewa amadya pa nkhonya iliyonse imene lamba wawo ali pa tebulo, kawirikawiri pafupifupi 3 peresenti ya malipiro a wankhonya pa malamba a dziko lonse. N'chifukwa chake timalamba tating'ono tinachuluka: Inter-Continental, International, Silver, Global, European. Ukamenyera kalamba kotere walipira bungwe, ndipo bungwe limakulowetsa pa mndandanda. Ukamakateteza, umakwera.

Pali zinanso ziwiri. Bungwe silimaika pa mndandanda wake munthu amene ali ndi lamba wa bungwe lina, ndipo amene akuonekeratu kuti akutsata njira ya bungwe lina amatsitsidwa kapena kusiyidwa. Komanso amene ali pamwamba pako akagonja, umakwera uli kunyumba. Ndiye nambala 1 wa WBO sakutanthauza wachiwiri kwa mwini lamba pa dziko lonse. Akutanthauza woyamba pa anthu amene atsala, amene akuyenda m'njira ya WBO.

Itauma anayenda njira imeneyi ndendende: kalamba ka Inter-Continental mu Meyi 2024, kukateteza, ena pamwamba pake n'kumagwa, iye n'kumakwera, mpaka pofika Ogasiti 2025 anali pa nambala 1. Palibe lamulo linaswedwa. IBF ndiyo imayesako: malo awiri apamwamba imawasiya opanda munthu mpaka wina awamenyere. WBO ikanakhala ndi lamulo lotere, funso lathu loyamba silikanakhalapo.

Tsopano muikeni pambali pa anzake a nthawi yomweyo. Agit Kabayel wa ku Germany anaimitsa Arslanbek Makhmudov mu Disembala 2023, Frank Sánchez mu Meyi 2024, onse asanagonjepo, kenako Zhilei Zhang mu Febuluwale 2025, atadzuka pansi iye mwini. Parker anagonjetsa Deontay Wilder ndi Zhang motsatizana, maraundi 12 nkhonya iliyonse, kwa Zhang atagwa kawiri, kenako n'kugwetsa Martin Bakole. Awa ndi anthu amene anagula malo awo ndi nkhope zawo. Pa mbiri ya Itauma palibe dzina limodzi limene tsiku la nkhonyalo linali pa 10 apamwamba enieni.

Zimene taona, zimene sitinaone

Luso lilipo, ndipo amene akukana zimenezi sakuonera. Manja ake ndi achangu ngati a munthu wa sikelo yotsika, koma chimene chimandikopa ine ndi mapazi ndi maso. Amayeza mtunda msanga, samaponya zotaya, ndipo akavulaza munthu sapenga. Anyamata ambiri amphamvu akaona mnzawo wagwedezeka amaiwala zonse zimene anaphunzira, n'kumangopalasa. Uyu amasankhabe chibakera.

Koma mphunzitsi asananene kuti mnyamata wake wapsa, pali zinthu zimene amafuna kuziona ndi maso, ndipo ku jimu sizioneka. Timamva kuti Itauma ali mwana wa sukulu ankalimbana kale ndi akatswiri pa sparring, nkhonya zoyeserera za ku jimu. Ndi zabwino. Koma sparring imachitika ndi magolovesi akuluakulu, chipewa kumutu, ndi mphunzitsi amene akhoza kunena kuti basi, zakwana.

Chimene sitinaone choyamba ndi raundi ya 8. Amene anakhalapo pakona amaidziwa. Mnyamata amabwera pampando kukamwa kuli yasa, chotetezera mano chikulendewera, ukamuthira madzi pakhosi sakumva n'komwe, ukamulankhula akuyang'ana kudutsa iwe. Dzanja limene linkabwerera pachibwano likaponya tsopano likubwerera pachifuwa. Pamenepo ndiye umadziwa ngati zimene unamuphunzitsa zinalowa m'thupi kapena zinali m'mutu mokha. Munthu wothamanga manja amawononga mpweya wambiri, ndipo wolemera makilogalamu oposa 100 amawononga koposa. Itauma atha kukhala ndi mpweya wa maraundi 15. Umboni wake sunaperekedwe.

Chachiwiri, sitinamuone atalandira chibakera chenicheni cha heavyweight n'kuyankha. Chachitatu, sitinamuone akutsalira pa mapointi, kapena diso litatupa, kapena atang'ambika pachikope, pamene munthu ayenera kusintha nzeru nkhonya ili mkati. Ndipo sitinamuone ndi munthu wa zaka 28 kapena 30 amene wabwera kudzapambana, osati kudzalandira cheke chomaliza.

Omuikira kumbuyo amati: mumufuna atani, awanyamule anthu kuti maraundi achuluke? Ali ndi mfundo. Munthu sangaimbidwe mlandu chifukwa chomaliza ntchito msanga, ndipo Wach ndi McKean anasankhidwa n'cholinga choti amupatse maraundi, iwo n'kulephera. Amatinso akuluakulu ambiri samufuna, poti kumenyana ndi mwana wa zaka 20 woopsa chonchi phindu lake n'lochepa: ukapambana amati wamenya mwana, ukagonja watha. Izinso n'zoona. Koma zonsezi zikungofotokoza chifukwa chimene umboni ukusowera, sizikuubweretsa. Nthochi yovundika imafiira bwino kunja, koma amene anaivundika yekha ndiye amadziwa tsiku limene anaidula.

Ena amene anadutsa njira yomweyi

Wofanana naye kwambiri ndi Anthony Yarde: pulomota yemweyo, bungwe lomwelo, timalamba ta WBO tomweto. Yarde anafika pamwamba pa mndandanda wa light-heavyweight atapambana ka 18, 17 pogwetsa kapena kuimitsa, asanadutsepo raundi ya 7. Mu Ogasiti 2019 anapita ku Chelyabinsk kukakumana ndi Sergey Kovalev wa zaka 36. M'raundi ya 8 anatsala pang'ono kumumaliza, mpaka Buddy McGirt pakona ya Kovalev anachenjeza kuti aimitsa nkhonya. Koma Yarde anathira zonse mu raundi imeneyo. Mu ya 11 anagwa ndi jabu, thupi litauma. Luso linalipo, mphamvu zinalipo. Chinasowa ndi kudziwa kugawa mpweya, ndipo chimenecho chimaphunziridwa m'nkhonya zimene anadumpha.

Kovalev yemweyo anakumanapo ndi Isaac Chilemba wa ku Malawi mu Julayi 2016 ku Yekaterinburg, panthawi imene Kovalev anali asanagonjepo ndipo aliyense ankamuthawa. Chilemba anafika kumeneko atadutsa m'maraundi 12 kangapo, ndi Tony Bellew kawiri mu 2013, ndi Eleider Álvarez mu 2015. Anagwa m'raundi ya 7, n'kudzuka, n'kumaliza 12 onse. Anagonja ndithu, choncho sindikunena kuti maraundi ambiri amapatsa munthu lamba. Ndikunena kuti munthu amene anavutikapo kale amadziwa chochita akavulala. Kunonso tinaona mbali inayo: Anisha Basheel wa ku Malawi anatenga lamba wa Commonwealth ku York Hall ku London mu 2018 m'raundi yoyamba, ngati mmene Itauma anatengera wake wa Commonwealth pogonjetsa Whyte, ndipo chaka chotsatira, mu nkhonya yopezera womenyera lamba wa WBC, Chantelle Cameron anamuposa pa mapointi m'maraundi 10. Pakati pa masitepe awiriwo panali mpata waukulu.

Ku heavyweight komweko zitsanzo sizisowa. Jared Anderson anali chiyembekezo cha America, wosagonja pa nkhonya 17, mpaka Bakole wa ku Congo anamuphwasula m'raundi ya 5 ku Los Angeles mu Ogasiti 2024. Daniel Dubois anali wosagonja pa 15 pamene Joe Joyce anamuswa fupa la diso ndi jabu mu Novembala 2020. Dubois anabwerera n'kukhala mwini lamba wa IBF, ndiye kugonja msanga si imfa. Koma zinamutengera zaka.

Mike Tyson amene amamutchulayo ndiye umboni wotsutsa omuthamangitsa. Ya Berbick inali nkhonya yake ya 28. Mu 1986 momwemo, asanafike kwa Berbick, anamaliza maraundi 10 ndi James Tillis, 10 ndi Mitch Green, ndipo José Ribalta anamufikitsa mu ya 10. Omuyendetsa ankamumenyetsa pafupipafupi mwadala. Itauma mu 2025, kufika Ogasiti, anali atamenya kawiri, maraundi atatu onse pamodzi. Vuto lina ndi ndalama: wankhonya akayamba kulipidwa za ku Riyadh, kumubweza kuti azimenya miyezi iwiri iliyonse m'maholo ang'onoang'ono n'kovuta.

Joshua ndiye chitsanzo cha omuikira kumbuyo, poti anatenga lamba wa IBF pa nkhonya yake ya 16 mu Epulo 2016. Koma Joshua anali ndi golide wa Olympics wa 2012, anali atagwedezedwa ndi Whyte wachinyamata n'kupirira, ndipo mwini lamba anali Charles Martin. Mu Ogasiti 2025 malamba onse anayi anali m'manja mwa Usyk, amene mwezi wapitawo anali atagwetsa Dubois m'raundi ya 5 ku Wembley.

Chigamulo changa

Nkhonya zikuluzikulu, kutanthauza kukhala mutu wa pulogalamu ndi kukumana ndi anthu a pa 10 apamwamba, anaziyenera. Munthu amene wachita zija kwa McKean ndi Whyte alibenso chophunzira kwa anthu a ganyu. Kumuika pakati pa 10 apamwamba pa dziko lonse, chakumunsi kwake, sindingatsutse.

Nambala 1 sanaiyenere. Anaipeza motsata malamulo a WBO, koma malamulowo amayeza kukhulupirika kwa bungwe kuposa kulemera kwa amene wawagonjetsa. Mlanduwu si wa Itauma, ndipo si wa pulomota wake, amene ntchito yake n'kugwiritsa ntchito khomo lililonse lotseguka. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nambala 1 ndi ngongole. Tsiku lina bungwe limalamula nkhonya, ndipo ukakana umataya malo pamaso pa anthu onse. Timu imene imafuna nthawi yophunzitsa mnyamata imapezeka kuti kalendala ili m'manja mwa ena.

Nkhonya ya lamba wa dziko lonse, makamaka ndi Usyk, pa tsiku limenelo anali asanaiyenere ndipo anali asanaikonzekere. Usyk samagonja m'maraundi atatu oyambirira. Amawagwiritsa ntchito powerenga munthu, n'kuyamba kumutopetsa kuyambira pakati. Kumutumizira mnyamata amene sanaonepo raundi ya 7 ndi kubetcha kuti chibakera chimodzi chilowa msanga, ndipo Joshua, Fury ndi Dubois onse anayesa kawiri aliyense osaphula kanthu.

Akanakhala wanga ndikanapempha nkhonya ziwiri lamba asanatchulidwe. Yoyamba ndi munthu wolimba amene samagwa wamba, wonga Franklin, amene anamaliza maraundi 12 ndi Whyte komanso ndi Joshua. Cholinga si dzina, ndi maraundi: ndione mpweya, ndione ngati jabu idakali yowongoka mu ya 7 ndi ya 8. Akamugwetsa msanga nayenso, chabwino, umenewo ndi umboni wa mtundu wina, koma funso la mpweya likhala lidakalipo. Yachiwiri ndi munthu wa pa 10 apamwamba amene ali m'nyengo yake ndipo amabweza: Hrgović, amene usiku womwewo wa Whyte anapambana nkhondo ya maraundi 10 ndi David Adeleye, kapena Kabayel ngati ndalama zingagwirizane. Kabayel ndiye mayeso ovuta, chifukwa amapanikiza osapumira ndipo amamenya m'mimba, kumene mnyamata wothamanga mapazi amakufuna kwambiri. Akapambana imodzi mwa ziwiri zomalizazi, kaya pa mapointi kaya pogwetsa, ndisintha chigamulo cha nambala 1 tsiku lomwelo.